Mmene ndinathanirana ndi mauthenga abodza a malipiro

Nditayamba kugulitsa zitenje pa WhatsApp Business ndi Facebook, vuto silinali kupeza ogula. Linali kudziwa amene walipiradi. Ena amatumiza chithunzi cha uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba, dzina langa lilipo, ndalama zake zolondola, kenako n'kumaumiriza kuti: "Mayi, fulumirani, basi ya ku Mzuzu ikunyamuka." Zitenje zinapita, koma ndalama sizinalowe. Uthengawo anachita kulemba okha.

Chinthu choyamba, ndinasiya kukhulupirira zithunzi. Munthu akati watumiza, ndimaimba *211# pa Airtel kapena *444# pa TNM n'kuona ndekha ngati ndalama zawonjezekera. Ndimayang'ananso komwe uthenga wachokera: weniweni umabwera ndi dzina la kampani, wabodza umachokera pa nambala wamba ya munthu. Apa ndi pamene ogulitsa ambiri amapusitsidwira, chifukwa diso limathamangira pa ndalama osaona pamwamba.

Ndinagulanso SIM ina ya bizinesi yokha, kuti ndalama za zitenje zisamasakanikirane ndi za pakhomo. Chitenje chilichonse chili ndi nambala yake m'katalogu, ndipo m'kope ndimalemba nambalayo, dzina la wogula ndi nambala ya malipiro.

Pa uthenga wolonjera ogula ndinalembapo kuti katundu amanyamuka ndalama zikaoneka kwa ine. Ogula enieni sadandaula nazo, amadikira mphindi zochepazo. Wofulumizitsa kwambiri ndimamuuza mwaulemu kuti basi ina ilipo mawa.