Mmene mungadziwire ngati kugwe sinowo kapena mvula chabe

Choyamba pezani themomita, ipachikeni pamthunzi mamita 1.5 kuchokera pansi, isagunde khoma la nyumba chifukwa khoma limatulutsa kutentha ndiye ikupusitsani. Ambiri amaganiza kuti sinowo (madzi oundana ofewa amene amagwa kuchokera kumitambo kukazizira kwambiri) imadikira madigiri 0, ayi ndithu, imagwa ngakhale pa madigiri 2 makamaka mpweya ukakhala wouma, poti ikamatsika ina imauluka ngati nthunzi nkuziziritsa mpweya womwewo. Ndiye mukaona kamvula kayamba pa madigiri 3 kenako themomita ikutsika pang'onopang'ono, musachoke pawindo poti kamvulako kangasanduke sinowo, apa mpamene ine mtima umadumpha.

Baromita (chida choyezera kulemera kwa mpweya) ikamatsika, mwezi utazunguliridwa ndi mkombero wotuwa, mitambo yokhuthala ili m'njira. Kumbukiraninso kuti mukakwera mamita 100 kumazizira ndi madigiri pafupifupi 0.6, nchifukwa chake kuphiri kumayera kudambo kukungonyowa.

Sinowo ikayamba, tambasulani mkono wa jekete yakuda muone zomwe zikuterapo. Zikakhala zikuluzikulu zomatana ngati thonje ndiye kuti muli pafupi ndi 0, siichedwa kusungunuka imeneyo, koma zikakhala ngati fumbi louma kwazizira zenizeni. Poyeza kuchuluka kwa sinowo imene yagwa, ikani thabwa loyera pabwalo kutali ndi mitengo, zikani rula chilili, lembani masentimita ndi nthawi m'kope, kenako sesani thabwalo.