Musanatsegule Cajetan, yambani ndi Aquinas mwini wake

Inu ophunzira filosofi amene mwafika pa nkhani ya mayina a Mulungu, yofunsa ngati liwu lonenedwa za Mulungu ndi za zolengedwa lili ndi tanthauzo limodzi, werengani kaye buku la Thomas Aquinas lotchedwa Summa Theologiae, gawo loyamba, funso 13, ndime 5. Buku la 1498 la Cajetan, amene adadza pambuyo pake nkumafotokoza maganizo a Aquinas, lidikire, chifukwa limaika nkhaniyi m'magulu amene ambiri amaganiza kuti ndi a Aquinas.

Gwiritsitsani chitsanzo cha thanzi chimene Aquinas amapereka. Nyama ndi yathanzi, mankhwala amatchedwa athanzi poti amabweretsa thanzilo, mkodzo poti umalisonyeza. Liwu ndi limodzi, matanthauzo ndi apachibale koma osafanana ndendende. Momwemonso tikati Mulungu ndi wabwino, munthunso ndi wabwino.

Kenako pitani kwa Duns Scotus, wafilosofi wa maganizo osiyana ndi amenewa, amene adati liwu loti “kukhalapo” likapanda tanthauzo limodzi kwa Mulungu ndi zolengedwa, sitingatsimikizire kanthu za Mulungu. Ameneyu ngovuta kumuyankha, musamupeputse.