Ng'ala si nthochi yoti mudikire ipse

Chikolole chimanga chaka chino ndalandira agogo ambirimbiri atagwiridwa dzanja ndi kamdzukulu, diso lili mbuu ngati mwathiramo mkaka, ndiye ukafunsa kuti agogo munali kuti nthawi yonseyi, yankho ndi lomwe lija, timadikira kuti ng'ala ikhwime. Aaa anthuni, mpaka liti? Mawu amenewo anali a kale opaleshoni isanasinthe, lero palibe amene amafuna ng'ala yokhwima, makamaka ngati diso lanulo lili ndi gaga.

Gaga ndikunenayu madokotala amati pseudoexfoliation, ine ndinasiya kuvutitsa nalo anthu dzinali. Ukamuika munthu pa makina aja oyika chibwano n'kuwalitsa, umaona tinthu toyera ngati gaga wa chimanga titamwazika pa lenzi, kagalasi ka mkati mwa diso kamene kakachita mbuu timati ng'ala, ndi m'mphepete mwa kamwana ka diso. Mwini wake samva kanthu, sikuyabwa, sikupweteka. Woyamba kufotokoza zimenezi anali John Lindberg wa ku Finland mu 1917, ndiye kwa nthawi yaitali anthu ankati ndi za azungu a ku Scandinavia, koma ayi ndithu, ku Ethiopia ndi ku South Africa anazipezanso kwambiri, ndipo zimakonda okalamba, omwewo amene ng'ala imawakonda.

Lenzi ya m'diso imalendewera pa timitsitsi ting'onoting'ono tozungulira konsekonse, ndiye gaga uja amatifooketsa pang'onopang'ono ngati luzi lomwe lavumbwa mvula zaka zitatu. Inu mukudikira, ng'ala ikulimba, timitsitsi tikuwola. Tsiku lomwe mwati basi ndatopa kupapasa, dokotala akupeza chinthu cholimba ngati mwala chitapachikidwa pa luzi lowola, akachigwira pang'ono chikugwedera, timitsitsi tikaduka thumba la lenzi limatha kung'ambika, madzi okhuthala a kumbuyo kwa diso n'kutulukira kutsogolo, nthawi zina lenzi yonse kugwera mkati, ndiye poika lenzi yatsopano yolowa m'malo mwa ng'alayo pasowa pokhazika. Onjezani kuti diso la gaga kamwana kake sikatseguka bwino ngakhale mudonthezere mankhwala kangati, zili ngati kutulutsa thumba la fetereza pa windo la bafa.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi pulesha ya m'diso. Gaga yemweyo amatseka njira yomwe madzi a m'diso amatulukira, pulesha yomwe imayenera kukhala pakati pa 10 ndi 21 imakwera, n'kumapha mtsempha woonera mwakachetechete, imeneyo ndiye glaucoma. Ng'ala timachotsa munthu n'kuona, koma mtsempha ukafa wafa basi. Ndiye munthu wotero akachitidwa opaleshoni n'kupeza kuti kudakali mdima, amakafika kumudzi n'kumauza anzake kuti kuchipatala amaononga maso, anzake aja n'kuyamba kudonthezera madzi a masamba ndi zina zoti sindingatchule pano, chaka chamawa ndi awo akubwera ndi ndodo.

Ndikukumbuka bambo wina mlimi wa fodya, wazaka za m'ma 70 koma wamphamvu zake, ndinamupeza ndi gaga m'maso onse awiri, lamanzere ng'ala itayamba kale. Ndinati abambo, ili tichite chaka chino. Anandiyang'ana n'kuseka, akuti adokotala fodya ali m'chigafa, ndikakagona kuchipatala asankha ndani, anawa sadziwa kusiyanitsa tsamba. Ndinati ndi masiku ochepa chabe, akuti ndikagulitsa ndibwera. Anagulitsa, kenako kunabwera nazale, kenako kuwokera, kenako maliro a mlamu wawo, anatulukira patatha nyengo ziwiri atavala chipewa chomwe chija, lenzi ikunjenjemera yokha akamatembenuza diso, pulesha ili m'mwamba. Lamanzere linapulumuka pang'ono chabe, amangoona dzanja likamadutsa. Lamanja tinalithamangitsa lisanafike pamenepo ndipo amaona nalo bwinobwino, moti anandidandaulira kuti tsopano akuona mmene anyamata aja anamusankhira fodya moipa. Zoseketsa koma diso limodzi linapita chifukwa cha mabelo.

Musandimve molakwa, diso la gaga likachitidwa nthawi yabwino ndi dokotala amene wadziwiratu kuti gaga alimo, ambiri amaona bwino ngati wina aliyense, pali ngakhale kamphete kamene amaika m'thumba la lenzi kuti kalichirikize timitsitsi tikakhala tofooka.

Zochita mukuzidziwa kale. Mukapitirira zaka 50 ndipo mukuona ngati utsi, pitani kwa a zamaso pa chipatala cha boma lanu, muwauze ayezenso pulesha maso onse awiri osati lodwala lokhalo, akakutumizani ku Nkhoma, ku Kamuzu Central, ku Mzuzu kapena ku Lions ku Queens ku Blantyre nyamukani sabata yomweyo. Akakupatsani mankhwala odontheza a pulesha musasiye botolo likatha. Ndipo mukachira muzibwerabe kudzayezetsa chaka ndi chaka, chifukwa gaga sachoka ndi ng'ala, lenzi yatsopano ija imatha kusuntha patapita zaka, mukangoona zinthu ziwiriziwiri kapena kuona kwasintha mwadzidzidzi bwerani tsiku lomwelo ngakhale fodya ali m'chigafa.