Momwe mungakhazikitsire kukula ndi malo a Command Prompt pa Windows XP

Amene akugwiritsabe ntchito Windows XP amakadziwa kawindo kakuda kaja. Mukalemba cmd mu Run, kamatsekuka pomwe kafuna, lero pakona, mawa chapakati. Mukakakoka ndi mausi kuti kakule, kamatalika ndithu, koma m'mbali kamakana kwamtuwagalu. Batani la Maximize nalo silithandiza, chifukwa windo limangotalika, mbali ina ya sikirini n'kukhala yopanda kanthu. Microsoft idadzakonza zimenezi mu Windows 10 m'chaka cha 2015, koma XP, yomwe idatuluka mu 2001 ndipo adasiya kuisamalira pa 8 Epulo 2014, idatsala nalo khalidweli.

Chomwe chimasokoneza ambiri n'chakuti pali miyeso iwiri. Woyamba ndi wa windo lenilenilo, gawo lomwe maso anu akuona: zilembo 80 m'lifupi ndi mizere 25 m'litali. Wachiwiri ndi wa Screen Buffer, komwe kumasungidwa zonse zomwe zalembedwa, kuphatikizapo zomwe zakwera kale pamwamba. Umenewu umayambira pa zilembo 80 ndi mizere 300. Windo silingapose buffer yake. N'chifukwa chake mausi amakanika pa 80 paja, popeza kuseri kwake kulibenso choti aonetse.

Kusintha kudzera mu Properties

Tsekulani Command Prompt. Dinani batani lakumanja la mausi pa kamzere kapamwamba pomwe pali dzina la windo, kapena dinani Alt ndi Space pamodzi. Sankhani Properties, kenako pitani pa Layout.

Yambani ndi Screen Buffer Size. Pa Width lembani 120, pa Height lembani 3000. Height imalola mpaka 9999, ndipo ngati mumakonda kubwerera m'mbuyo kukawerenga zomwe zadutsa, musaumire. Mukatero tsikirani pa Window Size, Width ikhalenso 120, Height ikhale 40. Ma Width awiriwa azifanana nthawi zonse. Wa buffer ukaposa wa windo, m'munsi mumabwera kampiringidzo kokokera kumanja ndi kumanzere, komwe kamangotopetsa.

Kumbukirani kuti manambalawa akuwerenga zilembo, osati mapikiselo. Pa Font, XP imayambira pa Raster Fonts za 8 x 12, kutanthauza kuti chilembo chimodzi chimadya mapikiselo 8 m'lifupi ndi 12 m'litali. Zilembo 120 ndi mapikiselo 960, ndipo pa sikirini ya 1024 x 768 zimakwana, malo otsala n'kukhala ochepa. Mukasankha zilembo zikuluzikulu, monga Lucida Console ya saizi yokwera, windo lomwelo limafufuma ngakhale simunakhudze Layout. Choncho sankhani kaye Font, miyeso pambuyo.

Tsopano za malo. Pansi pa Window Position pali kabokosi kolembedwa kuti Let system position window. Kakakhala kochonga, Left ndi Top zimakhala zotuwa, simungalembemo kanthu, ndipo Windows ndiyo imasankha pomwe windo likhale. Chotsani chizindikirocho. Left ndi mtunda kuchokera kumanzere kwa sikirini, Top ndi kuchokera pamwamba, ndipo apa pokha ndi pomwe muyeso uli wa mapikiselo. Mukalemba 0 ndi 0, windo limakakhala pakona yakumanzere pamwamba penipeni.

Mukadina OK, XP imakufunsani funso lomwe ambiri amangolidumpha. Apply properties to current window only ndiye kuti zonse mwachitazi zitha mukangotseka windo. Yankho linalo limasintha malinga ndi khomo lomwe mudalowera. Ngati mudadzera mu Run, limati Save properties for future windows with same title. Ngati mudadzera pa shortcut, monga ija ya mu Accessories, limati Modify shortcut that started this window. Sankhani yankho linaloli, osati loyamba lija. Pa Windows 7 funsoli kulibe, imangosunga yokha.

Apa ndi pomwe pamachokera dandaulo loti "ndasintha koma sizikugwira". Zomwe mwasunga kudzera pa shortcut zimakhala m'kati mwa fayilo ya shortcut yomweyo, pomwe za mu Run zimapita mu Registry, nkhokwe yomwe Windows imasungamo makonzedwe ake. Mukakonza khomo lina, linalo silidziwa kanthu. Palinso Defaults, yomwe ili pafupi ndi Properties pa menyu uja. Imeneyi ndi ya mawindo atsopano onse omwe alibe malamulo awoawo, siisintha windo lomwe latsekuka kale, ndipo shortcut yomwe ili ndi miyeso yake siimvera Defaults.

Lamulo la mode, ndi msampha wake

Ngati mukufuna kusintha mwachangu, kapena m'kati mwa fayilo ya .bat (fayilo ya malamulo omwe Windows imawatsata motsatizana), lembani:

mode con cols=120 lines=40

Windo limasintha pompo. Koma lamuloli limasintha buffer ndi windo pamodzi, moti mizere 300 ija imatsika kufika pa 40. Ine zidandigwira tsiku lina nditaika mzerewu pamwamba pa fayilo yokopera mafoda. Uthenga wa vuto udadutsa ngati mphezi, nditati ndikwere pamwamba ndikauwerenge ndidapeza kampiringidzo kokokera kulibe, ndipo zonse zidapita. Ndidayambiranso ntchito yonse kuti ndione mzere umodzi. Mukalemba lines=3000, buffer imakhala yaitali, koma windo nalo limatalika mpaka pomwe sikirini yathera. Mukafuna kuona miyeso yomwe ilipo panopa, lembani mode con basi. Za malo a windo, mode ilibe nazo gawo.

Windo lililonse pamalo pake

Nayi njira yomwe ndimaikonda. Windows imasunga miyeso potsatira dzina lomwe windo latsekukira, ndipo dzinalo mukhoza kulipereka nokha ndi lamulo la start. Tiyerekeze kuti mukufuna windo loyang'anira ngati rauta ikuyankha, lizikhala kumanja nthawi zonse. Mu Command Prompt lembani:

start "Rauta" cmd

Pa windo latsopanolo konzani Layout monga tafotokozera, ndipo musankhe Save properties for future windows with same title. Kuyambira pamenepo, mzere uwu uzitsekula windo pamalo omwewo (ping imayesa ngati rauta ikuyankha, ndipo 192.168.1.1 ndi chitsanzo cha adilesi yake):

start "Rauta" cmd /k ping -t 192.168.1.1

Chitaninso chimodzimodzi ndi dzina lina, muike mizere iwiriyo mu fayilo imodzi ya .bat, ndipo mawindo awiri azitsekuka moyandikana osaphimbana. Pa sikirini ya 1024, zilembo 60 pa windo lililonse zimakwana bwino, lina Left 0, linalo Left 512.

Ofuna kuchita zimenezi pa makompyuta angapo sangamadine Properties paliponse. Miyesoyi ili mu Registry pa HKEY_CURRENT_USER\Console, ndipo dzina lililonse lili ndi kachipinda kake pansi pake. Muli WindowSize, ScreenBufferSize ndi WindowPosition, zonse za mtundu wa DWORD, zolembedwa mu hexadecimal (hex, kawerengedwe kogwiritsa ntchito 0 mpaka 9 ndi a mpaka f) ya manambala asanu ndi atatu. Anayi oyamba ndi a m'litali, anayi omaliza ndi a m'lifupi. Mukaona 00190050 pa WindowSize musadabwe: 19 ya hex ndi 25, ndipo 50 ya hex ndi 80. Pa WindowPosition, oyamba ndi Top, omaliza ndi Left. Calculator ya XP imatembenuza manambalawa mukaiika pa Scientific: lembani nambala pa Dec, dinani Hex.

Windo la Rauta la zilembo 60 ndi mizere 30, lokhala pa Left 512 ndi Top 100, limafuna mizere itatu iyi, yolemba mu Command Prompt (HKCU ndi chidule cha HKEY_CURRENT_USER):

reg add HKCU\Console\Rauta /v WindowSize /t REG_DWORD /d 0x001e003c /f

reg add HKCU\Console\Rauta /v ScreenBufferSize /t REG_DWORD /d 0x012c003c /f

reg add HKCU\Console\Rauta /v WindowPosition /t REG_DWORD /d 0x00640200 /f

Onetsetsani kuti mwalemba \Rauta pambuyo pa Console. Mukaiwala, mwasintha mawindo onse a munthu amene walowa pa kompyutapo.

Pa XP, Alt ndi Enter zimadzaza sikirini yonse ndi zilembo zokhazokha. Pa Vista ndi Windows 7 nthawi zambiri zimakana chifukwa cha madalaivala atsopano a sikirini, ndiye musadalire zimenezo.

Zimachitikanso kuti mwalemba Left yaikulu kwambiri, kapena mwachotsa sikirini yachiwiri, windo n'kumatsekukira kunja komwe simukuliona. Lidineni pa taskbar, dinani Alt ndi Space, kenako M, ndipo mulikoke ndi mabatani a mivi mpaka lionekere, n'kudina Enter. Likabwera, konzani Left ndi Top. Ngati mwasokoneza zambiri ndipo mukufuna kuyambiranso, fufutani kachipinda ka dzinalo:

reg delete HKCU\Console\Rauta /f