Kusonkhanitsa zikwangwani za mabasi akale: chachikulu, musazipentenso

Chikwangwani cha basi yakale, chija chosonyeza komwe basi ikupita, chimakoma ndi kusuwa kwake komweko. Mukachipaka penti watsopano kuti chioneke bwino pakhoma, mwatsala ndi thabwa wamba lomwe wolemba zikwangwani aliyense ku Kapata, mu Chipata, angakulembereni masana amodzi. Ntchito yanu ndi kuchipeza, kutsimikiza kuti nchenicheni, ndi kuchiteteza kuti chisapitirire kuwonongeka.

Zofunidwa kwambiri kuno kum'mawa kwa Zambia ndi za nthawi ya United Bus Company of Zambia, UBZ, kampani ya boma yomwe inatsekedwa pakati pa zaka za m'ma 1990, makamaka za mseu wa Great East zotchula Nyimba, Petauke, Katete ndi Chipata, komanso za njira zopatuka monga Lundazi ndi Chadiza. Cholembedwa Fort Jameson, dzina la Chipata la nthawi ya atsamunda, nchosowa zedi, ndiye wina akakubweretserani musathamangire m'thumba. Zilipo za thabwa, za lata, za pulasitiki yoyera yomwe kumbuyo kwake kunkayaka babu, ndi za nsalu yaitali yokulunga yomwe inkakhala m'bokosi pamwamba pa galasi lakutsogolo, kondakitala nkumapukusa handulo mpaka dzina loyenera litaonekera.

Kokazifuna ndi kumagalaji akale, kwa ogula zitsulo za sikirapu, ndi kwa madalaivala ndi makondakitala opuma ntchito. Ambiri sazitenga ngati kanthu. Mukhoza kupeza thabwa la Lundazi litatseka khola la nkhuku. Funsani mwaulemu: "Atate, thabwa ili mungandigulitse? Linali pa basi iti?" Yankho lawolo lilembeni pomwepo. Basi yakufa yomwe yaima m'thengo ili ndi mwini wake, musamasule kanthu musanamupeze, ndipo mukagula mulemberane kapepala ka tsiku ndi mtengo.

Musanalipire, chitembenuzeni. Kumbuyo kwa chenicheni kumakhala fumbi lofiira lomatirira ndi mafuta, ndipo mabowo a mabawuti sakhala ozungulira bwino, amakhala atakula mbali imodzi chifukwa cha kugwedezeka pamseu. M'mphepete momwe munali chotchinga, penti amakhala wowala kuposa pakati pomwe dzuwa linkawomba. Kenako lowani nacho pamdima, muunike ndi tochi ya foni kuchokera pambali, kuwala kuzidutsa chokwawa pankhope yake. Zilembo zakale zomwe anazifuta ndi penti wina zimatumphuka, ndipo mukhoza kupeza Chadiza pansi pa Katete, chizindikiro choti basi inasinthidwa njira. Chikamanunkha penti kapena vanishi, chisiyeni.

Poyeretsa yambani ndi burashi yofewa youma. Mukafuna madzi, ikani madontho 2 kapena 3 a sopo wotsukira mbale mu lita imodzi, munyowetse kathonje, muyese pakona. Kathonje kakatenga mtundu wa penti, lekani pomwepo. Palafini, petulo ndi thinazi zimasungunula zilembo. Sandipepa ayi ndithu: kuwonjezera pa kufuta mbiri, penti wambiri wakale ali ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi poizoni, makamaka kwa ana.

Cha lata chimadwala dzimbiri. Palani kumbuyo kokha ndi sitiliwulu yosalala kwambiri ndi kadontho ka oyilo wa makina osokera, pukutani chiume, kenako pakani polishi wa phula wopanda mtundu, pang'ono chabe. Cha thabwa chigogodeni pamwamba pa pepala loyera. Kukagwa ufa wosalala kuchokera m'timabowo, muli tizilombo tamoyo, choncho chiikeni m'thumba la pulasitiki kutali ndi zinzake, muthire mankhwala a matabwa a ku hadiweya m'bowo lililonse ndi jakisoni, osati kuwaza pazilembo. Pakatha masabata awiri gogodaninso.

Nsalu yokulunga ndiye yofunika kuleza mtima. Siichapidwa, siisitidwa, siipindidwa, chifukwa penti amathyoka pampindiro pomwepo ndipo sabwerera. Iyaleni patebulo loyera, muifunyulule pang'onopang'ono. Ikamata, musakoke, isiyeni usiku umodzi m'chipinda chozizirira, m'mawa muyesenso. Posunga, tengani paipi ya pulasitiki ya mamilimita 110, yotalika kuposa m'lifupi mwa nsaluyo ndi masentimita 10 mbali iliyonse, muikute ndi nsalu yoyera ya thonje yochapidwa kale, kenako mukulunge zilembo zikuyang'ana kunja. Zikayang'ana mkati zimapanikizana nkumakanuka. Mangani ndi timizere ta nsalu, osati labala. Pong'ambika musamate selotepu, guluu wake amasanduka wachikasu nkulowerera m'nsalu. Ndipo musamvere oti muidule dzina lililonse palokha kuti mugulitse zambiri, chifukwa mndandanda wa mainawo ndi womwe umasonyeza njira zomwe basiyo inkayenda.

Pokoleka, gwiritsani ntchito mabowo omwe alipo kale, musaboole ena. Sankhani khoma lamkati losafikako dzuwa, pakuti dzuwa la October limadya mtundu wofiira msanga kuposa ina yonse. Ikani timatabwa ta masentimita awiri kumbuyo kuti mpweya uzidutsa, apo ayi chinyezi cha dzinja, kuyambira November mpaka April, chibweretsa nkhungu. Chilichonse chisakhudze pansi chifukwa cha chiswe. Zimene anakuuzani ogulitsa, monga njira, mtundu wa basi ndi zaka zomwe inkayenda, lembani ndi pensulo pakakhadi, mumangirire ndi ulusi pabowo la bawuti. Musalembe pachikwangwani penipeni: bolopeni ndi maka zimadutsa mpaka kutsogolo kwa nsalu, ndipo pathabwa sizifutika.