Browser ikamangodzitsekera yokha: kupeza vuto musanafufute chilichonse

Browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti monga Chrome, Firefox kapena Edge, ikayamba kudzitsekera yokha, ambiri amathamangira kwa mmisiri kukafulasha foni kapena kufomata kompyuta. Zithunzi zimapita, manambala amapita, ndalama nazo zimapita, koma pakangotha masiku angapo vuto lija limabwereranso chifukwa gwero lake silinakhudzidwe. Ntchito yoyamba ndi kuona chimene chikugwa kwenikweni, kenako kusintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi. Mukasintha zinthu zisanu nthawi imodzi, ngakhale vuto lithe simudziwa chomwe chalithetsa, ndipo likadzabwera mudzayambiranso pachiyambi.

Chikugwa n'chiyani?

Nthawi zina limafa ndi tsamba limodzi, ena onse ali bwinobwino. Pa Chrome pamabwera kankhope kachisoni ndi mawu akuti "Aw, Snap!", ndipo pa makina a Chipwitikizi pamalembedwa "Ah, bolas!" kapena "Ah, não!". Pansi pake pamakhala mawu ang'onoang'ono omwe anthu sawerenga, chonsecho ndi amene amaulula vuto. Akakhala "Out of Memory" ndiye kuti memory, imene imatchedwanso RAM, yatha. Akakhala STATUS_ACCESS_VIOLATION kapena STATUS_BREAKPOINT, kayikirani extension (kapulogalamu koonjezera mu browser), antivirus, driver ya zithunzi (pulogalamu yoyendetsa zithunzi pa sikirini) kapena RAM yowonongeka. Ajambuleni mawuwo ndi foni musanatseke.

Nthawi zina browser yonse imangosowa pa sikirini ngati munthu wadina potsekera. Apa mlandu umakhala wa mafayilo a browser amene aonongeka, extension, kapena pulogalamu yokalamba. Koma ngati kompyuta yonse ikuzima, kuuma kapena kuonetsa sikirini ya buluu, browser ilibe mlandu. Yangokhala pulogalamu yolemera imene yaulula kuti makinawo akudwala kutentha, RAM kapena magetsi.

Musasokoneze zimenezi ndi vuto la netiweki. Tsamba likakana kutseguka n'kulemba ERR_CONNECTION_TIMED_OUT, kapena pakabwera kanyama ka dinosaur kaja, browser ili moyo. Onani data yanu ya Vodacom, Movitel kapena Tmcel. Amene ali m'malire a Mozambique ndi Malawi monga ku Zóbuè ndi ku Calómuè aonenso ngati foni sinalumphire pa netiweki ya ku Malawi, chifukwa zikatero intaneti imaduka popanda chenjezo. Kusankha netiweki pamanja m'malo mosiyira foni kumathetsa zimenezo.

Memory ndi malo osungira

Apa ndi pamene pagona mavuto ambiri, ndiye tikhalitsepo. RAM ili ngati mphasa yoyanikapo ufa: ikadzaza, kuti muyanike wina muyenera kuchotsa wina. Foni ya RAM ya 2 GB, monga ma itel ndi ma Tecno otsika mtengo, ikakhala ndi WhatsApp ndi Facebook zotseguka kumbuyo, Android imapha yokha pulogalamu ina kuti ipeze malo, ndipo nthawi zina browser ndi imene imaphedwa. Pa laputopu ya 4 GB yokhala ndi Windows 10, pafupifupi theka la RAM limakhala litadyedwa kale musanatsegule chilichonse. Tsamba limodzi la YouTube, Facebook kapena WhatsApp Web limatha kudya ma MB mazana angapo palokha.

Pa kompyuta, muli mu Chrome kapena Edge dinani Shift ndi Esc pamodzi. Patseguka kawindo koonetsa tsamba lililonse ndi extension iliyonse pamodzi ndi memory imene ikudya. Dinani pamutu pa mzere wa memory kuti chodya kwambiri chibwere pamwamba, n'kuchitseka. Kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc kuti muone Task Manager ya Windows. Memory ikamakhala pamwamba pa 90 peresenti nthawi imene browser ikugwa, mwalipeza vuto. Mu Chrome lembani chrome://settings/performance pamalo olembapo adiresi, muyatse Memory Saver, imene imagoneka masamba omwe simukuwagwiritsa ntchito. Pa makina a 4 GB musapitirire masamba asanu kapena asanu ndi limodzi otseguka.

Mankhwala okhalitsa ndi kuonjezera RAM kufika 8 GB. Musanagule, dziwani mtundu wake. DDR3 ndi DDR4 sizilowana chifukwa kampata kake kali pamalo osiyana, ndipo malaputopu ena amafuna DDR3L, ya mphamvu yochepa ya 1.35 V, moti mukaika DDR3 wamba ya 1.5 V akhoza kukana kuyaka. Palinso malaputopu ang'onoang'ono omwe RAM yake inawotchereredwa pa bolodi. Amenewo palibe choonjezera.

Malo osungira nawo asadzaze. Windows ikasowa RAM imabwereka malo pa disiki, ndiye disiki C ikafiira, browser imasowa pothawira. Siyani malo osachepera 10 GB. Pa foni siyani 1 GB kapena kuposerapo. Chimene chimadzaza mafoni ambiri ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp, a mpingo, a maliro, a mpira, omwe amalowa okha. Lowani mu WhatsApp, ndipo ngati foni ili m'Chipwitikizi pitani pa Definições, Armazenamento e dados, mufufute akuluakulu ndi kuletsa kuti asamalowe okha.

Mapulogalamu odzitcha oyeretsa ndi ofulumizitsa foni achotseni. Nawonso amadya RAM yomweyo, amadzaza foni ndi malonda, ndipo ena amatseka browser dala poganiza kuti akuthandiza.

Kutentha

Mumzinda wa Tete, ku Moatize ndi ku Changara, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Laputopu imaziziritsidwa ndi mpweya wa m'chipinda momwemo, ndiye mpweyawo ukakhala wotentha kale, fani imagwira ntchito pachabe. Onjezani fumbi, maka la malasha ku Moatize, limene limamatirira pa tizitsulo totulutsira mpweya mpaka kutseka njira yonse.

Zizindikiro zake n'zosabisika. Browser imagwa masana koma m'mawa imayenda bwino, imagwa mukamaonera vidiyo kapena mukakhala pa msonkhano wa pa intaneti, fani imalira kwambiri, ndipo pansi pa makina pamatentha moti simungaike pamwendo. Kapulogalamu kaulere monga Core Temp kapena HWMonitor kamaonetsa kutentha kwa processor, ubongo wa kompyuta. Ikamafika madigiri 90 kupita m'mwamba mukungoonera vidiyo, pali vuto. Processor imadzichepetsa liwiro yokha, ndipo zikapitirira makina amazima kuti asapse.

Musaike laputopu pa matiresi, pa pilo kapena pa nsalu. Iikeni pa tebulo, n'kuikweza kumbuyo ndi zitsekerero ziwiri za botolo kuti mpweya uzidutsa pansi. Poyeretsa, zimitsani, chotsani chaja ndi batire ngati limachoka, tsegulani chivundikiro cha pansi, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, n'kuchotsa fumbi ndi kaburashi kouma. Ngati makinawo atha zaka zitatu kapena zinayi osatsegulidwa, phala loziziritsa la pa processor limakhala litauma; pukutani lakalelo, muike latsopano kadontho kofanana ndi njere ya mpunga. Kuchulutsa sikuthandiza. Foni ichotseni m'chikopa chake ikatentha, musaigwiritse ntchito ili pa chaja masana, ndipo musaisiye padzuwa kutsogolo kwa galimoto. Mufiriji musaiike, chifukwa ikatuluka chinyezi chimalowa m'kati. Ku Angónia ndi ku Tsangano kumene kumazizira, vuto ili silichuluka, koma fumbi la m'chilimwe limatseka fani chimodzimodzi.

Ma extension ndi zithunzi

Ngati memory ilipo ndipo makina sakutentha, yesani izi. Mu Chrome dinani Ctrl, Shift ndi N kuti mutsegule windo ya Incognito, imene imayamba ma extension ali ozimitsa. Pa Firefox gwirani Shift poitsegula kuti ilowe mu Troubleshoot Mode. Tsegulani tsamba lomwe limagwa lija. Likayenda bwino, wolakwa ndi extension. Pitani pa chrome://extensions, zimitsani onse, n'kumayatsa imodzi imodzi mpaka vuto libwerere. Kawirikawiri amakhala ma VPN aulere, zokopera mavidiyo, kapena china chimene simukumbukira n'komwe kuti munachiika liti. Chimenecho chichotseni, ndipo muyendetse Windows Security kuti isake makina onse.

Ngati browser imagwa mukangotsegula vidiyo kapena mapu, kapena sikirini imaphethira n'kuda kaye isanatseke, kayikirani mbali ya zithunzi. Pa chrome://settings/system pali posankha kuti browser izigwiritsa ntchito graphics acceleration. Zimitsani, tsekani browser, muitsegulenso. Vuto likatha, ndiye kuti driver ya zithunzi ndi yakale kapena ndi yolakwika, zomwe zimachitika kwambiri pa malaputopu a kaunjika amene anaikidwa Windows mothamanga. Tengani driver pa tsamba la kampani imene inapanga makinawo, monga HP, Dell kapena Lenovo. Ngati palibe yatsopano, ingosiyani chozimitsa. Mavidiyo adzalemera pang'ono koma browser siigwa.

Magetsi akazima mwadzidzidzi

Ngakhale damu lopanga magetsi la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi cha Tete, magetsi amathima, mayunitsi a magetsi olipiriratu a Credelec amatha usiku, ndipo batire la sola limagwa mphamvu dzuwa likalowa. Kompyuta ya pa tebulo, kapena laputopu ya batire lakufa, ikazima browser ili pakati polemba mafayilo ake, mafayilowo amatsala oduka. Zotsatira zake, browser imatseguka n'kutsekeka nthawi yomweyo, kapena imadandaula za profile, foda imene imasunga zinthu zanu za mu browser.

Kukonza kwake sikufuna kufomata. Tsekani Chrome, muonetsetse mu Task Manager kuti palibe yotsalira. Dinani batani la Windows ndi R, lembani %LOCALAPPDATA%\Google\Chrome\User Data, mudine Enter. Mupeza foda yotchedwa Default. Musaifufute, ingoisinthani dzina kukhala Default-yakale. Mukatsegula Chrome idzapanga ina yatsopano. Ikayenda bwino, koperani fayilo ya Bookmarks kuchokera mu yakale ija kupita mu yatsopano, Chrome ili yotseka. Mawu achinsinsi amabwerera okha ngati munali mutalowa ndi akaunti ya Google n'kuyatsa sync, imene imawasunga mu akauntiyo, choncho chitani zimenezo lero browser ikadali yamoyo. Pa Firefox lembani about:support n'kudina Refresh Firefox. Imasunga ma bookmark ndi mawu achinsinsi koma imachotsa ma extension. Malo ojambulira mapepala ndi maofesi amene amadalira kompyuta ya pa tebulo agule UPS, batire losunga magetsi a kompyuta, ngakhale yaing'ono yongopereka mphindi zochepa zozimitsira bwino.

Pa foni chofanana nacho ndi ichi: Definições, Aplicações, Chrome, Armazenamento, Limpar cache. Mafoni ena amalemba Configurações. Samalani, pambali pake pali batani lina lofufuta data yonse imene Chrome yasunga. Cache ndi zinyalala chabe, koma data ikapita mumatuluka m'maakaunti onse. Yambani ndi cache.

Browser yokalamba

Lembani chrome://settings/help kuti muone nambala ya Chrome yanu. Ngati pali yatsopano iyamba kulowa yokha. Koma dziwani malire. Pa Windows 7 ndi 8.1, Chrome inathera pa 109 mu Januwale 2023, ndipo Firefox inathera pa 115. Masamba a masiku ano akupangidwira ma browser atsopano, ndiye pa makina amenewo kugwa kuzingochuluka. Windows 10 nayo Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Laputopu yakale imene singanyamule Windows 11 imatha kutsitsimuka ndi Linux Mint, imene imabwera ndi Firefox yatsopano ndipo siidya RAM yambiri.

Pa Android, lowani mu Play Store mukonze zinthu ziwiri: Chrome ndi Android System WebView. Yachiwiriyi ndi imene mapulogalamu ena amatsegulira masamba m'kati mwawo. Mu Malichi 2021 WebView yolakwika inagwetsa Gmail ndi mapulogalamu ambiri pa mafoni padziko lonse, ndipo mankhwala ake anali kungoikonzanso mu Play Store. Ambiri amazimitsa update posunga data, zomwe n'zomveka, koma kamodzi pamwezi pezani Wi-Fi kapena bandulo ya usiku. Chrome yolandira kwa mnzanu kudzera pa Bluetooth kapena Xender ipeweni, chifukwa ikhoza kukhala yopangidwira processor ya mtundu wina, ndipo imagwa ikangotseguka. Foni ya RAM ya 1 GB musaikakamize Chrome; Opera Mini imaipepukira.

Zonsezi zikakanika

Ikani browser ina, muigwiritse ntchito tsiku lonse. Kumbukirani kuti Edge, Opera ndi Brave zinamangidwa pa maziko amodzi ndi Chrome, otchedwa Chromium, ndiye poyesa zenizeni tengani Firefox. Firefox ikayenda bwino, chotsani Chrome, muitengenso pa tsamba la Google lenilenilo. Zonse zikamagwa, vuto lili m'makina. Dinani Windows ndi R, lembani mdsched.exe, mulole kompyuta iyambirenso n'kuyesa RAM. Ikapeza zolakwika ndipo muli ndi timitengo tiwiri ta RAM, chotsani kamodzi muyese, kenako musinthanitse, kuti mudziwe kowonongeka. Nthawi zina kungokachotsa, kupukuta mano ake agolide ndi labala ya pensulo n'kukabwezera kumakwanira. RAM ikakhala yabwino, tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe sfc /scannow kuti Windows ikonze mafayilo ake. Pa mafoni ambiri a Android, gwirani batani lozimitsira, kenako mugwire nthawi yaitali pa mawu ozimitsa mpaka ifunse za safe mode. Mmenemo mapulogalamu amene munaika nokha sagwira ntchito, ndiye browser ikayenda bwino mudziwa kuti wolakwa ndi mmodzi wa iwo.

Mukamapita kwa mmisiri, tengani chithunzi cha mawu a vuto aja, mumuuze nthawi imene browser imagwa ndi zimene mwayesa kale. Tsamba la chrome://crashes, kapena about:crashes pa Firefox, limaonetsa masiku ndi nthawi zimene inagwa ngati kutumiza malipoti kunali koyatsa. Ndipo asanakhudze disiki, koperani mafayilo anu pa flash kapena pa memory card, muichotse m'makinamo, ikhale m'thumba mwanu.