Waksi kapena silanti? Kuteteza penti ya galimoto kuno ku Chigwa cha Shire nyengo yozizira ino

Abale anga a kumunsi kuno amene muli ndi galimoto, kaya ndi ka Vitz, Sienta, Probox olo Hilux yakale ija yonyamula thonje, tatulukani kaye muone denga lake ndi boneti. Ngati penti yayamba kuchita mbuu ngati mwawazapo ufa, kapena pena payamba kusupuka ngati njoka ikufundula, si ukalamba wokha ayi, ndi dzuwa lathu lino. Ine zinandionekera pa galimoto yanga yoyamba, yofiira, inabwera kuchokera ku Japan ikuwala moti umadziona nkhope pachitseko, koma itagona panja ku Ngabu zaka ziwiri denga linasanduka la pinki ndipo ukadutsitsapo chala kumatsalira kaufa kofiira kuchalako. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ndalama yokapopetsa penti inaposa kutali zitini zonse za waksi zimene ndikanagula zaka ziwirizo.

Mukaonera mavidiyo a pa YouTube mumva azungu akulimbikira zoti pakani waksi nyengo yozizira isanafike. Iwowo ali ndi chifukwa chawo, ku Canada, ku UK ndi kumpoto kwa Japan kumagwa chipale nde mumsewu amathiramo mchere kuti madzi oundana asungunuke, mcherewo ndi umene umadya penti ndi kuchititsa dzimbiri kunsi kwa galimoto. Kwathu kuno chipale kulibe. Koma nyengo yathu yozizira, kuyambira Meyi mpaka Julayi, ili ndi zake. Mame a m'mawa, fumbi la mwera, komanso kwa inu a ku Nchalo ndi madera ozungulira phulusa la nzimbe akamatentha minda nthawi yodula. Phulusa lija likagwera pa boneti usiku nkusakanikirana ndi mame, chimene chapangika pamenepo ndi chidulo chenicheni chija amayi amathira m'thelere, nde tangoganizani chidulo chikuumira pa penti tsiku ndi tsiku.

Chifukwa china chachikulu nchakuti miyezi imeneyi ndi imene chitsulo cha galimoto chimapezeka chozizira mokwanira kuti upake mankhwala bwinobwino. Mu Okotobala ndi Novembala, nthawi imene ku Ngabu ndi ku Nsanje kutentha kumadutsa madigiri 40, ikamakwana 8 koloko m'mawa boneti simungaigwirenso, waksi mukangopaka amaumiratu pompo nkukhala mizeremizere yovuta kuchotsa. Nde ntchitoyi igwireni panopa kuti dzuwa lija likamabwera lipeze galimoto itavala kale.

Tsopano mukalowa mushopu ya ma spare ku Limbe kapena ku Blantyre mupeza zitini ndi mabotolo ambirimbiri ndipo ogulitsa ambiri zonsezo amangoti polishi. Si chinthu chimodzi ayi. Polishi weniweni amakhala ndi timchenga tosaoneka ndi maso, ntchito yake ndi kupala pang'ono pamwamba pa penti kuti zokandika ndi kuchita mbuu kuja zichoke. Sateteza. Ndipo kumbukirani kuti kachikopa koonekera kamene kamakhala pamwamba pa penti, kamene opopa penti amati clear, nkopyapyala kuposa pepala la m'kope, nde mukamapala mwezi ndi mwezi tsiku lina mudzapeza katha. Polishi ndi wa kamodzi pachaka olo osafika, pokhapokha penti ikaoneka kuti yafooka.

Waksi nde ndi uja wa m'chitini wooneka ngati wa nsapato, ngakhale wamadzimadzi aliponso. Wabwino amakhala ndi carnauba, phula lochokera ku masamba a mtengo wina wa mtundu wa mgwalangwa umene umamera kumpoto chakum'mawa kwa Brazil. Kunena zoona palibe chimene chimawalitsa galimoto yakuda kapena yofiira ngati carnauba, imaoneka ngati yanyowa. Vuto lake ndi kutentha. Carnauba payekha amasungunuka pa madigiri opitirira pang'ono 80, koma wa m'chitini amakhala atasakanizidwa ndi mafuta ndi zina zofewetsa kuti apakike, pomwe denga la galimoto yakuda ikakhala padzuwa masana limatha kudutsa madigiri 70. Kumalo kozizira waksi amatha kukhala miyezi iwiri kapena itatu, kuno ine ndimaona akutha pa masabata ochepa chabe ngati galimoto ikukhala panja. Wa ku Zomba kapena ku Dedza akhoza kukuuzani kuti waksi ndi wokwanira ndipo sakunama, koma iyeyo satsika Thabwa.

Silanti ndi wopangidwa kufakitale, alibe phula la mtengo, ndi mankhwala amene akauma amamatirira pa penti mwamphamvu ndipo kutentha ndi sopo sizimuchotsa msanga. Pabotolo pamalembedwa paint sealant, kapena synthetic, kapena polymer. Ambiri amakhala miyezi 4 mpaka 6, ndipo alipo ena ngati Fusso Coat wa kampani ya Soft99 ya ku Japan amene pachitini amalemba miyezi 12, ngakhale kuno musayembekezere kuti afika pamenepo. Kuwala kwake nkwa ngati galasi, sikozama ngati kwa carnauba, koma pa galimoto yoyera kapena ya siliva, zimene ndi zambiri kunozi, kusiyanako simungakuone nkomwe. Ine maganizo anga ndi amenewa ndipo sindizungulira: ngati ndalama ikukwana botolo limodzi lokha, gulani silanti.

Palinso zina zotetezera penti zotchedwa ceramic zimene zatchuka masiku anozi. Zilipo mitundu iwiri. Ya m'kabotolo kakang'ono ija imene amati imakhala zaka, imafuna penti ikonzedwe bwino ndi mashini komanso malo otsekedwa opanda fumbi, mukalakwitsa kupaka imauma ndi mabala osachoka ndi madzi, imeneyo isiyireni odziwa. Koma ya spray ija, imene makampani ngati Turtle Wax ndi Meguiar's amapanga, ndi yosavuta, mumapopera pang'ono nkupukuta basi, ndipo imagwira ntchito ngati silanti yemweyo. Kwa munthu wa taxi amene alibe tsiku lonse loimika galimoto imeneyi ndi yabwino. Mukamagula onani kuti chivindikiro sichinatsegulidwepo, ndipo botolo limene lakhala pawindo la shopu likuombedwa ndi dzuwa mpaka zolemba zake kufufutika lisiyeni.

Koma apa nde pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa anthu ambiri amaononga ndalama pogula chitini chodula nkukapaka pa galimoto yosatsuka bwino. Madzi athu. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje madzi ake ndi amchere, tonse tikudziwa, olo tiyi amamveka. Mukatsukira madzi amenewa nkusiya galimoto iume yokha padzuwa, dontho lililonse limasiya kamkombero koyera, ndipo timikombero timeneti tikapsa ndi dzuwa timalowerera mu clear moti ngakhale mutsukenso sitichoka. Mukapaka silanti pamwamba pake ndiye kuti mwatitsekera mkati. Nde yesetsani madzi omaliza kutsukuluzira akhale osamveka mchere mukalawa, ndowa ziwiri zokha zimakwana, ndipo pukutani nthawi yomweyo ndi kansalu kofewa kamene amati microfibre madzi asanaume okha. Ngati mwatunga a mu Shire asiyeni kaye m'ndowa matope akhale pansi. Timikombero takale timene sitinalowerere kwambiri timachoka ndi viniga woyera wosakaniza ndi madzi abwino muyezo wofanana, nyowetsani kansalu, ikani pamalopo kamphindi, tsukuluzani. Chitani zimenezi musanapake chilichonse chifukwa viniga amachotsanso waksi.

Sopo wa ufa wochapira zovala ndi sopo wotsukira mbale musayerekeze. Anapangidwa kuti azichotsa mafuta, nde waksi wanu amapita tsiku lomwelo, komanso wa ufayo akapanda kusungunuka bwino amakanda. Gulani shampu wa galimoto, kachivindikiro kamodzi kapena tiwiri m'ndowa nkokwanira ndipo botolo limakhalitsa. Anyamata a pa kawoshi ambiri ndi akhama koma amagwiritsa zimene ali nazo, nde pitani ndi shampu wanu ndi nsalu zanu, auzeni mwaulemu kuti achimwene, nsalu ya matayala isakhudze bodi chonde. Ndipo fumbi louma lija mukabwera ku East Bank osalipukuta ndi nsanza youma, kumeneko nkupala penti ndi mchenga, thirani madzi kaye lichoke lokha. Ndowa zikhale ziwiri, ina ya shampu ina yotsukuluzira nsalu, muyambire padenga kutsika mmunsi.

Mukatsuka nkupukuta, lowetsani dzanja m'kajumbo kopyapyala nkusisita boneti pang'onopang'ono. Mukamva tokhakhala ngati mchenga ndiye kuti pali zomatirira zimene shampu walephera, utomoni wa mitengo, phula la mumsewu, zotsalira za phulusa zija. Chochotsera chake ndi clay bar, kadongo kofewa kamene mumatsetsereka nako pa penti yonyowa ndi madzi a shampu, mukamakapinda muona mmene kadera. Kakagwa pansi katayeni, katola mchenga. Ngati clay simunaipeze, funsani chimene amati cleaner wax kapena all in one, chimatsuka pang'ono nkuteteza pang'ono nthawi imodzi, sichikhalitsa ngati silanti koma nchabwino kuposa kupaka pa zokhakhala.

Kupaka kwenikweniko nkosavuta. Pezani mthunzi wa khonde kapena shedi, osati pansi pa nimu chifukwa mbalame ndi tizipatso take zikuonongerani ntchito. Gwirani boneti ndi kuseri kwa dzanja, ikakhala yofunda dikirani. Nthawi yabwino ndi m'mawa mame atauma kapena chakumadzulo mphepo itadekha, tsiku la mwera wamphamvu lekani chifukwa fumbi limamatirira pa mankhwala osauma. Donthezani madontho atatu kapena anayi pa kasiponji, pakani gawo limodzi, chitseko chimodzi kapena theka la boneti, mopyapyala kwambiri moti muzichita kupendeka mutu kuti muone pamene mwapaka. Apa nde ambiri timalakwitsa, timaganiza kuti kupaka kwambiri ngati tikuzira nyumba nde kuteteza kwambiri, chonsecho chimene chimamatirira pa penti ndi kochepa komweko, zotsalazo mungovutika nazo kupukuta. Dikirani mphindi zimene alemba pabotolo, kenako dutsitsani chala, pakatsala poyera powala ndiye kuti wauma, pakachita zonanda dikiraninso pang'ono. Pukutani ndi microfibre youma, muziitembenuza.

Samalani ndi mapulasitiki akuda a m'mabampala ndi malabala a m'mawindo, waksi akakhudza pamenepo amasiya zoyera zosachoka msanga. Mukamaliza, silanti ambiri amafuna maola 12 mpaka 24 osakhudza madzi, nde usiku woyambawo galimoto igone pansi pa denga kuopa mame, olo mukapemphe malo kwa aneba. Amene mukufuna kuwala kwa carnauba kuja, makamaka a galimoto zakuda, mukhoza kupaka waksi pamwamba pa silanti tsiku lotsatira. Koma osatembenuza, silanti pamwamba pa waksi sagwira chifukwa amafuna penti yeniyeni kuti amatirire.

Ngati mwangopopetsa penti kumene, funsani kaye amene anapopawo, nthawi zambiri pamafunika mwezi umodzi mpaka itatu penti iumitsitse musanaitseke ndi chilichonse. Ndipo pamene clear wasupuka kale palibe waksi kapena silanti amene angabwezeretse, pamenepo mpofunika kupopanso basi, musalole wina akugulitseni botolo ati likonza.

Kuchokera apo nkungosamala. Zitosi za mbalame zili ndi asidi ndipo pa chitsulo chotentha zimasiya chipsera tsiku limodzi lokha, nde muziyenda ndi kabotolo ka madzi abwino ndi kansalu m'galimoto, nyowetsani, ikani pachitosipo mphindi zingapo chifewe, nyamulani osakhula. Phulusa la nzimbe likagwa usiku litsukuluzeni m'mawa dzuwa lisanakwere. Pakatha milungu ingapo muzithira madzi pa boneti ndi padenga nkuona, akamapanga timadontho tozungulira nkumagubuduka ndiye kuti silanti akadalipo, akayamba kungoyala nkukhala pompo ndiye kuti watha. Denga ndi boneti nzimene zimayamba kutha, zitseko zimachedwa, nde simukuyenera kubwereza galimoto yonse. Ine ndimapaka yonse mu Juni, kenako kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala ndimadzuka kusanache bwino nkubwereza denga, boneti ndi pamwamba pa buti, zikatero imapirira mpaka mvula yoyamba.